Mmawa umene njinga inakana kulira

Njinga yamoto ija inali ya apongozi anga aamuna. Ine sindinawaone, anamwalira ndisanakwatiwe. Ndinkangomva kuti anachokera ku Nyasalande ali mnyamata, nagwira ntchito yoperekera makalata kwa mzungu wina, ndipo mzunguyo pobwerera kwawo anawasiyira njingayo. Inali yakuda, yolemera ngati ng'ombe, yopangidwa ku Mangalande kalekale. Sinali ngati tinjinga ta masiku ano tomwe timalira munthu akangodina batani. Imeneyi kuti ilire inkafuna mwendo wa munthu. Kumbali yake yamanja kunali chitsulo chopondera, kiki, ndipo amuna anga ankati bambo awo anawaphunzitsa kuiponda asanawaphunzitse kumeta ndevu.

Tinkakhala m'komboni ya Kanyama, m'zipinda ziwiri, khoma limodzi ndi banja lina. Khomalo silinkafika kudenga, choncho nkhani zathu zenizeni tinkakamba monong'ona. Njinga inkagona nafe m'nyumba poopa akuba, ndipo pakhomo panali thabwa lokwezerapo. Madzulo alionse amuna anga akafika pakona ya msewu wathu ankatseka kampopi ka petulo kamene kanali pansi pa thanki, kuti petulo wotsala m'kabureta apse asanalowe m'nyumba, asadonthere pafupi ndi mbaula. Mwana wathu wamkazi anali atangoyamba kukwawa. Ndinkakhalira kumuchotsa pansi pa injini, manja ali bii ndi oilo.

Zinali zaka zija boma linkagulitsa makampani. Salaula, zovala zovalidwa kale zochokera kunja, inali itadzaza m'misewu, m'mashopu muli zinthu zakunja zomwe ife tinkangoziona ndi maso. Amuna anga ankagwira ntchito ku Industrial, pafakitale ina yopanga zidebe ndi mabeseni achitsulo. Itagulidwa, eni ake atsopano anati anthu achuluka kuposa ntchito. Kumapeto kwa mwezi uliwonse pageti pankamatidwa pepala la maina a ochotsedwa. Anthu ankati kupuluna, monga amachitira ndi nthambi za mtengo. Oyamba kupita anali achikulire, kenako odwaladwala. Amuna anga ankati munthu wobweretsa kalata ya kuchipatala wadzilembera yekha dzina papepala lija.

Bambo a khomo linalo, amene tinkawatcha ba neba, ankagwira pafakitale yomweyo, pamakina amodzi ndi amuna anga. Makina amodzi, anthu awiri. Palibe ankatchula zimenezi. Tinkabwerekana mchere ndi moto ngati kale, iwo ankanditchula mulamu, akazi awo ankandinyamulira mwana ndikamachapa. Koma mwezi ukamatha, moni wa mmawa unkafupika.

Lamulungu lina m'nyengo ya mvula, ba neba ndi akazi awo anali atapita kale kutchalitchi, ife tikuchedwa chifukwa cha mwana. Amuna anga anatulutsa njinga mofulumira, atavala jekete. Ine ndinali m'chipinda, ndikumanga duku. Ndinamva kuphulika kamodzi, ndi phokoso lina ngati la nkhuni youma ikamathyoka. Kenako zii.

Ndinawapeza atakhala pathabwa, atagwira mwendo wamanja ndi manja onse awiri. Sanali kulira. Milomo inali itatuwa. Kiki inali itabwerera m'mwamba ndi mphamvu ya injini, phazi n'kuterereka, chitsulo n'kuwamenya pamsongolo. Bala silinali lalikulu, linali ngati kukamwa kwa khanda, koma linali lakuya, ndipo m'kati munkaoneka choyera.

Ndinawakokera m'nyumba. Atayesa kuponda pansi anagwira chitseko mpaka chinalira.

"Tiyeni ku kiliniki, atate ake," ndinatero.

"Ku kiliniki bazanimanga pulasitala. Mailo ni Mande. Nizangena bwanji pa geti na pulasitala?"

"Nanga muzayenda bwanji?"

"Pa njinga nimankhala chabe. Ku nchito nili na stulu. Chamene siningakwanise ni kiki." Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, ngati munthu wogula mbuzi. "Uzayamba kuchaya ndiwe."

Ndinaganiza kuti akuseka. Anandiuza kuti ndilowetse njinga ndi kutseka chitseko.

Pa minibasi sakanatha. Kuchoka kwathu kukafika pamsewu wa tala kunali kuyenda m'madzi, ndipo kuchoka potsikira kukafika pageti kunali mtunda woti kapitawo akuone ukutsimphina. Kupempha mwamuna wina kuti aziwapondera kiki ndiye kuuza komboni yonse, ndipo komboni ikadziwa, khoma lathu linali lalifupi.

Anandiveka buluku lawo lakale m'kati mwa chitenje, ndi nsapato yawo imodzi kuphazi lamanja, titaikamo nsanza kuti isavuke. Chibadwire ndinali ndisanavalepo buluku. Ngakhale tinali awiri m'nyumba, nkhope inandiotcha. Iwo anakhala pampando kumanzere kwa njinga, mwendo atautambasula pa ndowa, ine ndinaima kumanja.

"Tsegula petulo. Kampopi kali pansi pa thanki, mbali yako iyo. Manje dina ako kabatani pa kabureta. Dina chabe mpaka chala chinyowe."

Petulo anatuluka wozizira, nayenderera m'chikhatho.

Pahandulo panali kachitsulo kamene iwo ankati n'ka moto. Ukakakokera kumbuyo, moto wa injini umachedwa pang'ono, ndiye njinga siikubwezera. Anakagwira ndi chala, nakagwedeza.

"Aka ndiye kanipaya lelo. Nenze kuthamanga, nakaiwala. Iwe ukakaiwala, tizagona babili, mwana azaziphikila yekha."

Kenako anandiuza kuti ndiponde kiki pang'onopang'ono mpaka ilimbe. Inatsika, inatsika, n'kuima ngati ndaponda mwala. Pamenepo unkayenera kukoka kachitsulo kena kakang'ono pansi pa dzanja lamanzere, mpweya n'kumveka ukutuluka m'kati, kiki n'kutsikanso pang'ono pokha, n'kusiya. Ukatero umabweza kiki m'mwamba.

"Manje lumpha. Osaponda monga uponda nyelele. Thupi lonse, mpaka pansi. Bondo osaumika."

Ndinalumpha. Injini inangopuma ngati nkhalamba yogona.

"Ulibe thupi iwe. Ku Katete benze kukudyetsa chani?"

Ndinalumpha mpaka thukuta linalowa m'maso. Nthawi iliyonse phazi likamatsika ndinkayang'ana mwendo uli pa ndowa uja, n'kufewa bondo ndisanafike pansi. Iwo ankaona. "Ukaiopa ndiye izakuchaya," anatero. Dzuwa litapendeka, anthu atayamba kubwerera kuchokera kutchalitchi, inalira. M'chipinda chaching'ono chija phokoso lake linali lina. Malata ananjenjemera, mbale zinayenda zokha pashelefu, mwana anadzuka ndi kulira kumene sindinkakumva, ndinkangoona kukamwa. Utsi wabuluu unadzaza mpaka kudenga. Amuna anga anaseka koyamba tsiku limenelo.

Kuyambira pamenepo mmawa uliwonse unkayamba chimodzimodzi. Ndinkagoneka mwana m'chipinda chogona n'kutsekera nsalu pansi pa chitseko. Ndinkavala buluku, n'kuliza njinga chitseko chakunja chili chotseka. Ikalira ndinkagwira moto pahandulo kuti isazime, iwo n'kudumphira ndi mwendo umodzi, n'kukhala. Ndinkavula nsapato ija msanga, n'kutsitsa chitenje, n'kutsegula chitseko, iwo n'kutsika pathabwa ngati munthu wabwinobwino. Magiya a njinga imeneyo amasinthidwa ndi phazi lomwelo lamanja, choncho ankangoyenda ndi giya imodzi, injini ikubuula, mpaka phokoso litazimiririka kuseri kwa msika. Kuntchito ankaiimika pamtsetse pomwe malole amapakirira katundu, poweruka n'kungoisiya itsetsereke mpaka ilire yokha. Koma ku Kanyama kulibe mtsetse. N'kosalala ngati thebulo, ndipo madzi a mvula sapita kulikonse.

Chaka chimenecho madzi anafika m'mawondo m'misewu ina. Zimbudzi zinasefukira, madzi ake n'kusakanikirana ndi a m'njira. Podutsa m'maenje amuna anga ankayenera kutsitsa mapazi. Ankafika madzulo gambutsi itadzaza madzi akuda, nsanza yomwe ndinamanga mmawa ili chonyowa.

Bala tinkalithowa ndi madzi otentha a mchere. Ndinkagula makapisozi pakantemba, kagolosale ka pamsewu, n'kuwatsegula, n'kuwaza ufa wake pabala. Tsiku lina anabwera ndi kabotolo ka mafuta a mabuleki komwe anapempha kugalaja, ati amakanika onse amaumitsira zilonda zimenezo. Ndinathira ndine. Analuma thaulo, misozi ikutuluka, osatulutsa mawu chifukwa ba neba anali kudya kuseri kwa khoma, tinkamva supuni. Mawa lake pamwamba pa bala panaumadi, panachita nkhanambo yakuda. Tinasangalala. Sitinadziwe kuti tatsekera zoipa m'kati.

Sabata yachiwiri mwendo unatupa mpaka m'bondo. Khungu linkanyezimira ngati lapakidwa mafuta, ndipo ukadina chala dzenje linkatsala. Gambutsi inakana kulowa. Ndinaing'amba kumbuyo ndi mpeni, ovolosi n'kuphimba pong'ambikapo. Pamphechepeche panatuluka mwanabere. Kenako nkhanambo ija inatseguka m'mbali, ndipo fungo linayamba.

Fungo limenelo ndinkalidziwa. Kwathu ku Katete, malume anga analasidwa ndi chitsa kumunda ine ndili mtsikana. Anagona m'nyumba mwezi, anthu akubwera ndi mitsitsi. Ndinkawapititsira madzi nditagwira mphuno. Pamene ankawakweza pangolo kupita nawo kuchipatala, mwendo unali utada mpaka m'ntchafu. Ngolo inabwerera ndi maliro.

Ndinkafukiza makoko a malalanje pambaula, ndinkachapa nsanza ndi kuziyanika m'nyumba. Ntchentche zinkadziwa. Zinkatera pamwendo, n'kuuluka, n'kukatera pamilomo ya mwana.

Mmawa wina ndili pamzere wa pampopi, akazi a ba neba anaika chidebe chawo pafupi ndi changa.

"Mulamu, masiku ano njinga mulizila mu nyumba? Mufuna kupaya mwana na utsi?"

"Ni mvula," ndinatero, ndikuyang'ana chidebe.

"Mvula yayamba chaka chino?" Amayi ena pamzere anaseka. Akazi a ba neba anasendera pafupi. "Elo muone bwino kumbuyo kwa kabati. Kwafela khoswe kwanu uko. Kwathu tadya na fungo yake masiku atatu."

Ndinati ndikaona. Ndinasenza chidebe chisanadzaze.

Madzulo ake ndinagwada pafupi ndi mpando wawo, ndikumasula nsanza. Ndinalankhula motsitsa, osawayang'ana.

"Atate ake, mwendo uyu uzakupayani."

"Mwezi usile chabe. Maina akachoka pa geti, nizayenda neka ku chipatala."

"Akali masiku ambiri."

"Nayenda kale masabata abili. Ufuna vonse ivo viyende pachabe? Uyu wa kuseli ayembekeza chabe nigwe." Analoza khoma ndi mutu. "Iwe nchito yako ni kiki. Vinangu nisiyile."

Ine sindine munthu wotsutsa mwamuna. Amayi anandilera kuti mkazi akanena kamodzi wanena. Ndinamanga nsanza yatsopano, n'kukataya madzi.

Lachinayi anafika akunjenjemera mano akugundana, ngakhale kunali kotentha. Sanadye. Lachisanu m'mamawa ndinapeza nsalu yogonera itanyowa thukuta, ndipo kuchokera pabondo kukwera m'ntchafu panali mzere wofiira womwe dzulo lake kunalibe. Zala za kuphazi zinali zotuwa. Anandiitana ndi dzina la mlongo wawo, kenako anazindikira, nakwiya, nati ndiwaveke ovolosi.

Ndinawaveka. Ndinawakhazika pampando wawo kumanzere kwa njinga. Ndinagoneka mwana, ndinavala buluku ndi nsapato. Sindinganene kuti ndinali nditakonza kalikonse. Ndinapisa dzanja pansi pa thanki monga mwa masiku onse, ndinakagwira kampopi kaja, kozizira, kopingasa mmene anakasiyira dzulo pakona. Dzanja linakhala pamenepo. Kenako ndinalichotsa.

"Watsegula?"

"Natsegula."

Linali bodza langa loyamba kwa iwo. Ndinadina kabatani ka pakabureta, chala chili chouma, n'kupukuta pachitenje ngati chanyowa. Ndinakoka kachitsulo ka moto, ndinafuna polimba paja, ndinachita zonse bwinobwino monga anandiphunzitsira. Ndinalumpha.

Inalira. Petulo wina anali atatsalira m'kati. Amuna anga anayamba kudzuka atagwira handulo. Injini inagunda kanayi kapena kasanu, inatsokomola, n'kuzima.

"Waisiya moto. Chaya futi."

Ndinalumpha. Ndinalumphanso. Kiki inkatsika ndi kupuma kwake kuja, kopanda kanthu kumapeto. Kunja kunayamba kuyera, ndinamva anthu akudutsa m'madzi kupita kumsewu. Iwo anandiuza kuti ndimasule pulagi. Anaiyang'ana pafupi ndi maso, maso ali ofiira, mpaka inawapulumuka n'kugwa pansi. Akanakhala bwino akanaona kuti ndi youma. Anaipukuta pa ovolosi, nati ndibwezere.

Ndinkalumpha ndi mtima wonse, ngati ndikufunadi kuti ilire. Ntchafu inayamba kuotcha. Mwana anadzuka nalira m'chipinda, sindinapite.

Chitseko chinagogoda.

"Odi, ba neba. Yavuta?"

Amuna anga anandigwedezera mutu kuti ndisatsegule. Koma loko wathu anali msomali wopinda, ndipo ba neba anangokankha monga ankachitira kale. Anaima pakhomo atavala ovolosi, kachikwama ka chakudya m'khwapa. Anandiona ine, chitenje chili m'chiuno, buluku la mwamuna, nsapato imodzi yaikulu, phazi lili pakiki. Ndikanakonda nthaka itatseguka. Kenako mpweya wa m'nyumba unawafika, ndipo ndinaona mphuno zawo zikukwinyika.

"Ah, mulamu, ndimwe ba dilaiva masiku ano?"

"Nimuphunzitsa chabe," amuna anga anatero. Anali atakoka thaulo kuphimba bondo. "Yangena manzi. Yendani, muzachedwa."

"Tizachedwa tonse. Patukani mulamu, niyeseko."

Ba neba ankadziwa njinga. Anakulira kumigodi, ndipo masiku abwino ankathandizana ndi amuna anga kuikonza Loweruka. Anaika kachikwama pansi, naima pomwe ndinaima ine. Anadina kabatani ka pakabureta, nayang'ana chala chawo. Anapisa dzanja pansi pa thanki.

Ine ndinali nditatsamira khoma kumbuyo kwawo, ndinkaona dzanjalo. Zala zinafika pakampopi, zinakasisita, zinaima. Anatembenuza mutu pang'ono nandiyang'ana. Sindikudziwa chimene anaona pankhope panga. Anayang'ananso thaulo lija, ndi ntchentche zomwe zinali pamwamba pake. Dzanja linatuluka lopanda kuchita kanthu.

Anaponda kiki katatu, mwamphamvu, njinga yonse ikugwedezeka.

"Yakana," anatero, akupukuta manja. "Ni magineto, yamwa manzi. Iyi siizalila lelo."

Mpaka pano sindidziwa ngati anachitira mwendo wa mnzawo kapena makina aja. Mwina iwonso sadziwa.

Amuna anga anati palibe kanthu, akwera minibasi. Anagwira handulo, naimirira, thaulo n'kugwa. Anaponda kamodzi ndi mwendo wabwino. Ataponda ndi winawo, anapinda ngati nsalu, mutu n'kugunda pathabwa la pakhomo. Akazi a ba neba anali ataima panja ndi mswachi m'kamwa. Anabwera, anagwada, anakweza mwendo wa ovolosi, naona gambutsi yong'amba ndi zomwe zinali m'kati. Analavula kumbali.

"Mulamu, ichi mwasunga masiku angati?"

Anthu anali atayamba kusonkhana, ndipo ine ndinali ndidakali m'buluku.

Amuna anga atatsegula maso anafunafuna ba neba. "Osabauza ba kapitawo. Kambani ati nili na malilo."

"Nizaona mokambila," anatero ba neba. Anatola kachikwama kawo, nalowa m'madzi kulowera kumsewu, osacheuka.

Tinabwereka wilibala kwa bambo wogulitsa makala. Amuna awiri a mumsewu mwathu anakankha mosinthana, mwendo uli lende kutsogolo, ine pambuyo ndi mwana kumsana. Njira yonse amuna anga ankangonena za magineto, yomwe imapereka moto ku pulagi, kuti ndiiphimbe ndi pulasitiki, kuti ndisalole munthu kuimasula. Ku kiliniki anesi atamasula nsanza anatsegula mawindo onse. Anandifunsa chomwe tinathirapo. Nditatchula mafuta a mabuleki anandiyang'ana nthawi yaitali.

"Imwe amai, uyu ni munthu, si motoka."

Sanawagoneke n'komwe, anatitumiza kuchipatala chachikulu tsiku lomwelo. Kumeneko anapeza kuti fupa linali litang'aluka kuyambira Lamulungu lija, ndipo mafinya anali atalowa m'kati mwake. Adokotala awiri anaima kumapazi kwa bedi akulankhula Chingerezi motsitsa. Mmodzi anajambula ndi chala pansi pa bondo, modutsa. Chingerezi sindimva kwenikweni, koma chala chimenecho ndinachimva.

Masiku asanu palibe anatiuza chomwe chidzachitike. Pabedi loyandikana panali bambo wina yemwe bulangete lake linkagwera pansi pomwe panayenera kukhala mwendo, ndipo amuna anga ankagona atatembenukira kukhoma. Anawatengera kuchipinda cha opaleshoni kawiri. Ulendo uliwonse akamawabweza ndinkayamba kuyang'ana kumapazi kwa machira, kuwerenga mapazi, ndisanayang'ane nkhope. Ulendo wachiwiri adokotala aja anandiuza m'Chinyanja chothyokathyoka kuti apala fupa, mzere wofiira wabwerera, mwendo ukhala.

Anagona m'chipatala mpaka mvula inatha. Kalata ya kufakitale yowachotsa ntchito inabwera ndi ba neba. Anandipatsira pakhomo ndi manja awiri, maso ali pathabwa, n'kunena kuti kapitawo anachita kufunsa yekha. Ndinalandira, ndinathokoza. Kuyambira pamenepo tikakumana panjira tinkapatsana moni ngati anthu a mipingo yosiyana.

Amuna anga anabwerera kunyumba ataonda, mwendo uli wopyapyala, pamsongolo pali dzenje loti chala chachikulu n'kulowamo. Za ntchito sankakamba. Ine ndinali nditayamba kuoda salaula ya ana ku Kamwala n'kumagulitsa pamsika, ndipo iwo ankatsala ndi mwana ndi njinga. Anamasula magineto, naiyala panyuzipepala padzuwa, kachidutswa kalikonse pakokha. Anaipukuta, anaiuzira, anainunkhiza. Anaibwezera, namasulanso kabureta. Ndikabwera madzulo ndinkawapeza atakhala pansi pakati pa zitsulo.

"Mulibe manzi umu," anandiuza tsiku lina. "Mulibe na nguwe olo pang'ono. Ine njinga iyi naiziba kuchokela nili mwana. Siikana chabe."

"Kaya," ndinatero, ndikupeta mpunga.

Loweruka lina atamanga zonse anaitulutsa panja, poti panalibenso chobisa. Anandiitana. Ndinati ndili ndi zochapa. Anati zochapa zidikire. Ndinavala nsapato ija, buluku sindinavale, ndinangokwinya chitenje. Ana a mumsewu anabwera kudzaonerera, ndipo akazi a ba neba anaima pakhomo pawo atapinda manja.

Ulendo uno amuna anga sanakhale pampando kumanzere. Anazungulira ndi ndodo yawo, pang'onopang'ono, nadzaima mbali yanga, pafupi ndi thanki.

Ndinapisa dzanja, ndinatembenuza kampopi. Ndinadina kabatani mpaka petulo anayenderera m'chikhatho. Ndinakoka ka moto, ndinapeza polimba, ndinalumpha. Inalira ulendo woyamba womwewo, mokweza, mosadodoma, ana n'kubalalika akuseka.

Amuna anga sanayang'ane injini. Ankayang'ana dzanja langa lonyowa, kenako kampopi, kenako ine. Anayang'ana nthawi yaitali, njinga ikugunda pakati pathu. Ndinaweramitsa mutu kudikira. Pansi pomwe ndinkayang'anapo panali mapazi awo, onse awiri, m'mapatapata, lina lotupa pang'ono. Anatambasula dzanja, nazimitsa injini, nati ndiwathandize kuilowetsa m'nyumba dzuwa lisanatenthe mpando.